Kalata ili mu laputopuyo usakapereke

Mwana wanga,

Foni yanga sukuyankha. Ukaona kuti ndi ine ukumangoisiya ilire mpaka idule yokha, kenako anthu titagona mpamene ukutumiza kauthenga koti ndinali mu mitingi amayi, mitingi yanji yotha 10 koloko usiku? Nde ndati ndingolemba poti zowerenga ndiye umazikonda, uwerenge mpaka kumapeto usadumphedumphe ngati mmene umachitira ndi mauthenga a pagulu la banja paja. Mlongo wako usamukalipire, sanandiuze dala, zinangomupulumuka tikusadzula nkhwani Loweruka. Akuti kalata yosiyira ntchito unalemba kale ili mu laputopu, ukungodikira mwezi uthe ukapereke notisi, uzikhala pakhomo uzilemba nkhani zazifupi. Ndinachita kumufunsanso kuti wati chani, ndimayesa makutu anga ayamba kundinamiza.

Mankhwala a BP ndamwa koma mutu ukungogunda. Ndipo ndikudziwa amene wakulowa m'mutu, si mnzako wa zisoti uja yekha ayi, iyeyo timukamba kutsogoloku, koma mkulu wa ku Argentina uja, Borges, amene chithunzi chake unamata pakhoma kuchipinda kwako uli ku koleji, nkhalamba yotsamira ndodo maso ali kudenga, mpaka azakhali ako atabwera kuchokera ku Mitundu anandinong'oneza kuti kodi awa ndi abambo mfumu a ku mishoni iti. Buku lake lachikuto chong'ambika lija unalisiya kuno, lili pa shelefu ya malemu abambo ako. Ndinaliwerenga kale nthawi ija ndimachira opareshoni, masiku ano ndalitsegulanso, zina za moyo wake mlongo wako wandipezera pa foni. Paja ndagwira choko moyo wanga wonse ndikuphunzitsa ana a eni Literature, usandione ngati mbuli.

Ndipo ndisakunamize, munthuyo ankalemba. Nkhani ija ya Funes, mnyamata wa ku Uruguay amene anagwa pa hatchi nkupuwala, potsitsimuka apo akukumbukira chilichonse, tsamba lililonse la mtengo uliwonse umene anauonapo, mmene mitambo inalili m'mawa wa tsiku lakutilakuti, moti akafuna kukumbukira tsiku limodzi lathunthu zimamutengeranso tsiku lathunthu. Zinkamusowetsa mtendere kuti galu amene wamuona cham'mbali nthawi ili 3:14 ndi galu amene akumuona kumaso 3:15 onsewo tizingowatchula dzina limodzi. Amangokhala chigonere mumdima, tulo osabwera, kuganiza kwenikweni osathanso, chifukwa kuti munthu aganize amayenera kuiwalako zina. Timasamba tochepa koma tinandikhala m'mutu, ndimangoona agogo ako aakazi masiku awo omaliza, iwo zawo zinali zotembenuza, kuiwala ndi dzina langa lomwe, ndikuwasambitsa akundifunsa kuti kodi mayi inu kwanu nkuti, mwatithandizatu. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti chowawa kwambiri pa ziwirizi nchiti. Nde usamauze anzako kuti amayi samvetsa zimenezi. Ndikumvetsa bwinobwino. Chimene ndikukana ndi kalatayo basi.

Tiye tione moyo wake wonse poti iwe umangotola mbali yokukomera. Anabadwa 1899 ku Buenos Aires, bambo ake loya, agogo ake aakazi Mngelezi, nyumba yodzaza mabuku mpaka kudenga. Mu 1914 banja lonse linanyamuka kupita ku Geneva bambo ake akufuna thandizo la maso, nkhondo inawapeza komweko, mwana nkuphunzira sukulu komweko, kenako Spain, kubwerera kwawo 1921. Iwe unabadwira ku Kawale m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, bafa la panja logawana ndi mabanja ena. Buku lake loyamba la ndakatulo mu 1923 anasindikiza makope 300, ndalama analipira ndi bambo ake, ndipo sankagulitsa, ankangogawa, ena nkumawalowetsa m'matumba a majekete a anthu amene awakoleka pa ofesi ya magazini ina kuti akawapeze kunyumba. Ankaseka yekha atakalamba kuti buku lake lina chaka chonse linagulidwa makope 37, mpaka ankafuna kuwasaka anthuwo mmodzimmodzi akawathokoze. Nkhani yoseketsa ngati kunyumba kwanu mphika uli pamoto. Iye mpaka kuyandikira zaka 40 ankadya za bambo ake. Abambo ako anakusiyira chani iwe? Njinga, shelefu ija ndi dzina labwino, ndipo njingayo amalume ako anatenga.

Tsono tamva apa, apa ndi pamene ndikufuna uwerenge kawiri. Bambo ake atafooka maso atatheratu, mkuluyo anakalowa ntchito. Ntchito yeniyeni yolowa ndi kuweruka, pa kalayibulale ka khonsolo kotchedwa Miguel Cané kutali ndi pakati pa tauni, kulemba mayina a mabuku pa makadi, malipiro ochepa. Tsiku loyamba anagwira ndi mtima wonse nkulemba mabuku 400, mawa lake anzake anamuitanira pambali kuti akulu mutiyalutsa, ife timalemba 100 patsiku, mukufuna atichotse? Za m'maofesi nzimodzi kulikonse eti. Anzakewo nkhani zawo zinali mpira, mijaha ya mahatchi ndi zolaula, tsiku lina mmodzi anapeza dzina loti Jorge Luis Borges mu encyclopedia nkudabwa kuti taonani munthu uyu dzina ngati lanu, ndi tsiku lobadwa lomwe kufanana, osadziwa kuti ndi yemweyo wakhala naye desiki imodzi. Mwini wake ankanena kuti zaka zimenezo, pafupifupi 9, zinali zosasangalatsa, nthawi zina poweruka misozi imalengeza m'maso. Nde zimene umandiuza zoti kuofesi kwanu palibe wokumvetsa, bwana wako sadziwa ndi buku limodzi lomwe, ndazimva, koma si iwe woyamba.

Anachita chani? Sanalembe kalata. Ankamaliza ntchito ya tsikulo mu ola limodzi nkutsikira kuchipinda chapansi kukawerenga ndi kulemba, mu tram, sitima ya m'tauni, popita ndi pobwera akuwerenga ndakatulo za Dante. Bambo ake anamwalira 1938, chaka chomwecho usiku wolowera Khirisimasi akuthamanga pa masitepe anadzitema mutu pa zenera lotsegula, bala nkulowa matenda m'magazi, anatsala pang'ono kupita. Atachira, mmene ankafotokozera yekha, anachita mantha kuti mwina mutu wawonongeka, akayesa zimene ankalemba kale nkulephera ndiye kuti zake zada, bola ayese chachilendo. Ndi mmene inabwerera nkhani ya Pierre Menard mu 1939, ya Mfalansa uja anafuna kulembanso buku lakale la ku Spain lija Don Quixote liwu ndi liwu koma osakopera, nkumati ngakhale mawu ali omwewo tanthauzo lasintha chifukwa wolemba ndi wina nthawinso ndi ina. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamupatsa ziro ndi chikwapu pamwamba, komabe ndinaseka ndekha pabedi mpaka ulusi wa opareshoni kupweteka. Ndi ija ya layibulale yopanda malire, muli buku lililonse lotheka kulembedwa koma ambiri ndi zilembo zopanda pake, anthu akufa akusaka buku limodzi lofotokoza moyo wawo, ukuganiza anaitenga kuti? Pa ntchito yomutopetsa ija. Buku lake Ficciones la 1944 limene umalilumbiralo, zambiri mmenemo analemba munthu wolandira salale mwezi ukatha.

Ndipo pochoka pamenepo sanachoke chifukwa chotopa ayi. Perón atatenga boma mu 1946, poti Borges ankasayina nawo zikalata zotsutsa, anamuuza kuti takukwezani, mukhala woyendera nkhuku ndi akalulu m'misika, zili ngati iwe akuchotse pa desiki yako uzikazungulira ku Wakawaka kumatukula mapiko a nkhuku kuona ngati zili ndi utitiri. Kumeneko kunali kumuthamangitsa mwaulemu, anasiya. Koma sanakakhale pakhonde, munthu wamanyazi woopa kuyankhula pagulu anadzikakamiza nkuyamba kuphunzitsa ndi kuyenda m'matauni kukamba za mabuku kuti apeze ya ndiwo. Perón atagwa mu 1955 anamupatsa udindo woyang'anira layibulale yaikulu ya dziko lonse, nkumaphunzitsanso ku yunivesite ya Buenos Aires, pamenepo maso atapita kale, matenda akumtundu omwe aja a bambo ake, mpaka analemba ndakatulo yoti Mulungu anamupatsa mabuku ndi mdima nthawi imodzi. Udindo umenewo anautula 1973. Tawerengera wekha poti masamu ndiye ntchito yako, anali ndi zaka 74. Iwe ndi 30 yomwe sunakwanitse.

Kunja anayamba kumudziwa kwenikweni 1961 atagawana mphoto ya Formentor ndi Samuel Beckett, ali ndi zaka 61, mutu uli mbuu. Zaka zonse za m'mbuyomo chimwalirireni bambo ake ankadya chani ukuganiza? Ankadya ntchito.

Ndiye pali china chimene sumachitchula ukamamutama, ndipo ine monga mayi ndi chimene ndinachiona msanga. Kumbuyo kwa mkuluyo kunali mayi ake, Leonor Acevedo. Ankakhala nawo nyumba imodzi pafupifupi moyo wake wonse. Maso atafa ndi iwo ankamuwerengera, iye akuyankhula iwo akulemba, makalata kuyankha iwo, maulendo kumuperekeza iwo, mpaka ku Texas mu 1961 anapita limodzi mayi a zaka zoposa 80. Anakwatira koyamba 1967 ali ndi zaka 68, banja silinapitirire zaka zitatu, anabwerera kwa mayi ake. Mayiwo anamwalira 1975 ali ndi zaka 99, mwana wawo ali nkhalamba ya zaka 75. Ndimawalemekeza, analinso olimba mtima, mu 1948 anawatsekera m'nyumba chifukwa chochita nawo zionetsero zotsutsa Perón, mwana wawo wamkazi Norah nkulowa ndende. Koma mwana wanga ine sindine Leonor. Ine 99 sindidzafika ndi BP imeneyi, kapenshoni kanga ukukadziwa, kamatha mwezi usanafike pakati, ndikagula mankhwala, mayunitsi a magetsi, madzi ndi fizi ya mlongo wako ndiye kuti basi. Ukadzabwera ndi zikwama kuno ku 25 sindidzakubweza, ndiwe mwana wanga, nsima tidzagawana, koma ndikukuuziratu kuti idzakhala yochepa ndipo idzakuwawa pakhosi iweyo kuposa ine.

Unali wamng'ono koma sindikhulupirira kuti unaiwala chaka chimene kampani ya abambo ako inatsekedwa. Iwo sanasiye dala, anangopatsidwa envelopu pageti. Miyezi yoyamba ankadzukabe m'mawa kusita shati, kupolisha nsapato, kupita mu Old Town ndi mapepala awo m'chikwama, kubwera madzulo nsapato zili fumbi lokhalokha osayankhula ndi munthu. Kenako anasiya kusita. Munthu amene ankaimba akumeta ndevu anayamba kukhala kuseri kwa nyumba pa mpando wa ndalema tsiku lonse kuti aneba asamuone. Tinakongola kwa wakatapila kuti tilipire lendi, tsiku limene anabwera ndi anyamata ake awiri unali utangobwera ku sukulu yunifolomu usanavule, anatulutsa filiji yathu ija, madzi a ayisi akudontha kuchoka kukhitchini mpaka pakhonde, zimene zinali mkatimo anangoziika pansi, kambale ka usipa ndi botolo la madzi, iwe unatenga chikolopa nkuyamba kupukuta madziwo palibe wakutuma. Abambo ako anaima pakhomo la kuchipinda manja ali kumbuyo. Ine ndinkaweruka ku sukulu nkukazinga mandasi usiku, m'mawa kuwasiya pa okala ndisanapite kukalemba pabolodi, manja akununkha mafuta ana akundiseka. Tinadutsamo inde, koma abambo ako sanabwererenso mmene analili, iwe ukudziwa, ngakhale atapeza ntchito ina ija. Nde ndikamva kuti mwana wanga akufuna kukadzipatsa yekha envelopu imeneyo ndi manja ake, aaa, ndimasowa chonena.

Ndipo nthawi imeneyo zinthu zinali bwinoko. Pano? Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndani akupuma? Shuga, mafuta ophikira, thumba la chimanga, minibasi, chilichonse. Lendi ya ku 49 alandilodi ako sadzalandira nkhani yaifupi. Mdzukulu wanga ku nazale akufuna fizi, akadwala usiku panopa mumangothamangira ku chipatala cholipira ndi khadi la sikimu ya kuntchito, khadi limenelo limafa tsiku lomwelo ukapereka makiyi a ofesi. Geni ya mkazi wako ya kaunjika ndi yothandizira, belo lina limatuluka bwino lina zisanza zokhazokha, singanyamule nyumba yokha. Anzako amene munavala nawo gauni tsiku limodzi ena ali pa kabaza wa njinga yamoto pa depoti, digiri ili mu sutikesi, akaona ntchito yalengezedwa mu nyuzi anthu mazanamazana pa malo amodzi. Mpando wakowo ukangonyamuka sudzazizira nkomwe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Unandiuza wekha kuti nkhani yako ija inatuluka mu nyuzi ya Lamulungu ndalama yake inabwera patapita miyezi ndipo siinakwane thumba la makala. Ndinagula makope awiri tsiku limenelo, ina ndinakaonetsa amayi a kumvano onse ngakhale amene sawerenga Chingerezi, ndinanyada mpaka ndinaiwala ndiwo pamoto. Koma kunyada ndi kwina, lendi ndi ina.

Tayang'ana olemba akwathu konkuno. Samuel Ntara amene analemba Nthondo nkupata mphoto mu 1933 anali mphunzitsi ku Nkhoma. Steve Chimombo anaphunzitsa ku Chancellor College zaka zambirimbiri akulemba. Jack Mapanje chimodzimodzi, ankaphunzitsa komweko mpaka pamene anamutenga kukamutsekera ku Mikuyu 1987 nkudzatuluka 1991, ife nthawi imeneyo dzina lake tinkalitchula chonong'ona mu staff room. Ndipo Stanley Onjezani Kenani amene anafika kawiri pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, 2008 ndi 2012, ndi wa ma akaunti, ntchito yomwe ukuinyozayo. Onsewa ukuwaposa iwe kuti ufunike tsiku lonse lathunthu?

Ndikudziwa undiyankha za García Márquez, mlembi wa ku Colombia uja, poti unandiuzapo, kuti iye anadzitsekera m'chipinda ku Mexico chaka ndi theka nkutuluka ndi buku limene linagwedeza dziko mu 1967. Eya. Koma ukafunse amene ankakongola nyama kwa wabutchala ndi kukapepesa kwa alandilodi miyezi yonseyo, anali mkazi wake Mercedes, mpaka kupinyolitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze ndalama yotumizira bukulo pa positi. Zinawayendera, nchifukwa chake timaimva nkhaniyo. Amene anapinyolitsa katundu buku osagulidwa palibe amawalemba. Komanso lija linali buku lalikulu logulitsika, iwe ukufuna nkhani zazifupi, Borges wakoyo sanalembepo novel ngakhale imodzi moyo wake wonse ndipo ukuona mmene anadikirira.

Sindikukana kuti dzanja lake linafika patali. Julio Cortázar, mlembi mnzake wa ku Argentina, nkhani yake ina yoyambirira, Casa tomada, anaitulutsa ndi Borges mu 1946 m'magazini imene ankaiyang'anira, zithunzi anajambula Norah, ndipo taona kuti anatha kumuthandiza mnyamatayo chifukwa anali pa desiki ya ntchito. Umberto Eco mu The Name of the Rose ya 1980 anaikamo nkhalamba yakhungu yolondera zinsinsi za layibulale nkuitcha Jorge wa ku Burgos, aliyense anadziwa kuti akunena ndani. Olemba a ku Latin America ambiri amene anadzatchuka m'ma 1960 anadutsira pa iye. Munthu anamwalira ku Geneva 1986 iwe usanabadwe koma lero wafika mpaka ku Area 49 kudzandichotsera mwana ntchito, mphamvu zimenezo ndazivomera.

Koma poti wandiyambitsa, ndikuuzenso monga mphunzitsi osati mayi. Nkhani ziwiri unanditumizira mwezi watha zija, ija ya munthu wolota munthu mnzake kenako nkuzindikira kuti nayenso akulotedwa, si yako imeneyo, ndi ya Borges wangoisinthira malo kuiika m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo magalasi oonera nkhope ndi akambuku achuluka, kambuku unamuonera kuti iwe, ku Nature Sanctuary uli Sitandade 4? Yachiwiri ija ndiye inandigwira, ya kalaliki amene amasunga malisiti a anthu omwalira mu kabati yake chifukwa palibe amene anamuuza kuti awataye, mpaka anayamba kuwawerengera ndalama zawo mwezi ndi mwezi ngati ali moyo. Imeneyo ndi yako, mulinso nzeru zakuya zimene umazifunazo koma ikununkha ofesi ya kuno kwathu, fumbi la mafayilo, tiyi wa 10 koloko, mesenjala wodziwa zinsinsi za aliyense. Unaitenga kuntchito. Nde ukasiya uzidzalemba za ndani, za khoma la kuchipinda? Mkulu wakoyonso sankangolemba za malayibulale, ankalemba za anyamata a mipeni a m'makwalala a Buenos Aires, za kwawo. Pita ku Mchesi ukakhale ndi opala matabwa tsiku limodzi Loweruka, ukaone mmene amakambirana mtengo wa bokosi ndi anamfedwa, ubwere undiuze ngati mafunso a moyo ndi imfa ali ku Argentina kokha.

Za mnzako uja tsopano. Sindimuda, amandipatsa moni bwino, koma iyeyo kwawo ndi ku Area 10, amagona ku boys quarter ya makolo ake, akadzuka 11 koloko chakudya chili pa tebulo. Akamakuuza kuti wolemba weniweni sagwira ntchito ya munthu mumakhala muli ku Bwandilo ndipo bilu amalipira ndani? Iwe, ndi salale yomwe akuinyozayo. Chiyambireni kunena kuti akulemba buku mpaka lero ndani analionapo? Iwe vuto lako kuyambira uli mwana ndi lokhulupirira aliyense woyankhula bwino. Kuwerenga kwambiri sikuthandiza pamenepa, Borges yemweyo ndi nzeru zake zonse mu 1976 anapita ku Chile kukalandira ulemu kwa Pinochet, wolamulira wankhanza wa dzikolo, anthu akuphedwa, kwawonso anayamikira asilikali atalanda boma chaka chomwecho, anadzasintha pambuyo nkusayina nawo kalata yofunsa za anthu osowa mu 1980, koma banga linatsala, ndipo ambiri amati nchifukwa chake Nobel sanaione. Munthu wodziwa mabuku a dziko lonse kulephera kuona amene wakhala naye pa tebulo. Usamale naye mnyamata ameneyo, ndanena.

Maso akonso. Magalasi amenewo unasintha liti? Ndimakuona ukamawerenga pa foni umachita kuiyandikitsa pamphuno ngati abambo ako. Pita ukapimitse panopa sikimu ikadalipo, mwana, usazengereze. Unayamba kalekale kuwawononga, ndimakupeza pansi pa bulangete ndi tochi ya abambo ako mabatire nkutha, m'mawa iwo akulalata kuti tochi yangayi ikudya mabatire bwanji, ine ndili chete ndikudziwa wakuba wake. Sindinakuletsepo kuwerenga ngakhale tsiku limodzi. Kope lako la Fomu 2 lija unalembamo nkhani ya fisi wopita ku sukulu likadali mu thiranki yanga pamodzi ndi masatifiketi.

Nde ine sindikuti usiye kulemba, undimvetse, ukasiya ndidzakhala woyamba kukukalipira. Ndikuti ulembe uli pa ntchito. Dzuka 4 koloko, nyumba ili zii mwana asanadzuke, maola awiri tsiku lililonse ndi ambiri, ine mandasi ndinkakazinga nthawi ngati yomweyo ndipo 7 koloko ndili m'kalasi. Nthawi ya lanchi m'malo mopita kukadya kanyenya ndi anzako khala pa desiki. Loweruka mubweretse mwana kuno ndizisewera naye, iwe ulowe kuchipinda kwa abambo ako utseke chitseko, tebulo lilipo, ndizikubweretsera tiyi ndi mbatata osakuyankhulitsa. Za ku Bwandilo zichepe, ndalama imeneyo uzisunga padera. Tumiza nkhani ku mipikisano, za kunja zomwe, pano zonse ndi pa intaneti sizifunanso sitampa. Ukadzaona kuti zolembazo zikulipira lendi miyezi yotsatizana, osati kamodzi mwamwayi, komanso kubanki kuli kena kokwana chaka, ubwere tidzakhale pansi ndi amalume ako, ine ndidzakuthandiza ndi kuilemba komwe kalatayo Chingerezi chake chikhale chabwino. Koma lero ayi. Mwezi uno ayi. Ngati bwana wako ndiye wakutopetsa funa ntchito ina uli pa ntchito, osati uli pakhonde, ukudziwa wekha kuti olemba ntchito amakonda munthu amene ali kale pena.

Ndalemba zambiri chala chatopa, foninso yatsala pang'ono kuzima magetsi kulibe chichokereni m'mawa. Ya kalaliki ija ndaisindikiza pa kashopu ka pa Nsungwi ndipo ndaidutsa ndi cholembera chofiira, tsamba lachitatu wathamanga kwambiri, mkazi wa kalalikiyo wangomutchula kamodzi nkumutaya pomwe ndi iye akanatiuza zambiri. Udzaitenge.

Ndipo mkazi wako wamuuza? Chifukwa dzulo anandiimbira akusangalala, akukamba za poloti ija mukufuna kuyamba kulipira pang'onopang'ono cha ku Airwing, akuti mukayamba Januwale salale yako ikakwera, ine ndimangoti eya, eya mwanawe, mtima ukundipweteka. Sakudziwa kanthu ameneyo. Ine sindimuuza, si udindo wanga, koma iwe umuuze lero lomwe usanagone, umuonetse ndi kalatayo mu laputopumo, umve chimene anene. Ukatero undiimbire, ngakhale usiku ndidzuka.

Ndine mayi ako